Kuchoka ku ntchito ina n'kudzagwira choko: njira zina zopezera uphunzitsi zimayenda bwanji?

Mayi wina amene timapemphera limodzi ku Katoto anandiimitsa tikutuluka m'tchalitchi. Ali ndi digiri ya sayansi, wakhala zaka zambiri m'labotale ya kampani ina, koma tsopano mtima wake uli pa uphunzitsi. "Achimwene," anatero, "kodi ndibwererenso ku yunivesite zaka zinayi kuti andilole kuphunzitsa zinthu zimene ndakhala ndikuzigwira ndi manja anga tsiku ndi tsiku?" Mchemwali wawo amene ali ku America anawauza kuti kumeneko ofesi yoyang'anira sukulu za m'dera imatha kumuphunzitsa yokha munthu wotere, uku ali m'kalasi ndipo akulandira malipiro, pamapeto pake n'kupatsidwa laisensi.

Zimene anamvazo zimachitikadi. Chovuta n'chakuti nkhaniyi ikafika pa WhatsApp, ena amaimva ngati chipata cha kuseri cholowera anthu osayenera, ena ngati mankhwala a mavuto onse a m'sukulu zathu. Tiyeni tiimasule pang'onopang'ono.

Zinthu zinayi zimene timazisakaniza

Choyamba ndi maphunziro a uphunzitsi, amene munthu amachita ku koleji, ku yunivesite kapena pasukulu pomwepo. Chachiwiri ndi pepala lotsimikiza kuti wamaliza: satifiketi, dipuloma kapena digiri. Chachitatu ndi laisensi, chilolezo choti aime pamaso pa ana. Chachinayi ndi ntchito yeniyeniyo.

Ganizirani dalaivala wa minibasi ya Mzuzu ndi Ekwendeni. Kuyendetsa anaphunzira kusukulu yoyendetsa galimoto, mwinanso kwa dalaivala amene ankamuitanira anthu ali kondakitala. Laisensi anakatenga ku Road Traffic. Ntchito anamupatsa ndi mwini galimoto. Sukulu ija singapereke laisensi, ndipo a Road Traffic sangamupatse minibasi.

Uphunzitsi ulinso chimodzimodzi. Kuno kwathu makoleji ndi mayunivesite amaphunzitsa; mayeso a aphunzitsi a pulaimale amayendetsa ndi a MANEB; kulemba aphunzitsi m'kaundula ndi kupereka laisensi ndi udindo wa Teachers Council of Malawi, bungwe lochokera m'lamulo la zamaphunziro la 2013; ndipo kulemba ntchito ndi nkhani ina, ya boma kapena ya mwini sukulu. Anamwino anazolowera kale zimenezi, chifukwa digiri payokha siwalola kugwira wodwala asanalembetse ku khonsolo yawo. Kwa aphunzitsi n'zatsopano ndithu, n'chifukwa chake ambiri amafunsabe kuti laisensi ndi yachiyani pomwe satifiketi ali nayo kale.

Njira zonse zimene tikambe pansipa zimasintha chinthu choyamba chija, maphunziro. Laisensi imachokerabe kwa boma.

Njira yozolowereka

Iyi ndi imene tonse timaidziwa: uyambe waphunzira, kenako ukaphunzitse. Wofuna kuphunzitsa ku pulaimale amapita ku TTC ndi MSCE yake, monga ku Karonga TTC, n'kuchita zaka ziwiri za IPTE, pulogalamu imene inayamba mu 2005. Mbali ina ya nthawiyo amakhala pakoleji, mbali ina ku TP, kukayesera kuphunzitsa pasukulu. Wofuna sekondale amapita ku Domasi, ku Nalikule, ku UNIMA, ku University of Livingstonia kapena pa Mzuni pathu pano. Achinyamata ambiri sadziwa kuti Mzuni, imene inayamba kulandira ophunzira mu 1999, inakhazikitsidwa pamalo a Mzuzu TTC yakale ku Luwinga.

Njirayi anaipangira mnyamata kapena mtsikana wongomaliza Fomu 4, wopanda banja, amene angathe kukhala m'hositelo. Mayi wa zaka 40 wa ana atatu, wolipira lendi ku Chibavi, sangakwanitse kukhala zaka zinayi osalandira kalikonse. Apa ndi pamene panabadwira njira inayo.

Njira inayo ndi chiyani

Ndi dongosolo lolola munthu amene ali kale ndi digiri ya phunziro lina kuti ayambe kuphunzitsa msanga, maphunziro a kaphunzitsidwe n'kumachita ali pantchito: madzulo, Loweruka, kapena pa holide. Amayamba ndi chilolezo chongoyembekezera. Akamaliza maphunzirowo, n'kukhoza mayeso, ndiponso omuyang'anira akakhutira naye, amapatsidwa laisensi yonga ya mphunzitsi wina aliyense.

Ku America dera la New Jersey ndi limene limatchulidwa kawirikawiri ngati loyamba kukhazikitsa njirayi m'dera lonse, mu 1985. Wolowa ankafunika digiri ndi kukhoza mayeso a phunziro lake, kenako ankachita maphunziro a kaphunzitsidwe a maola pafupifupi 200 m'chaka choyamba, ali ndi mphunzitsi wakale womuthandiza. Chaka chomwecho ofesi ya sukulu za mumzinda wa Houston, ku Texas, inayamba kuphunzitsa yokha aphunzitsi ake. Mu 1990 Wendy Kopp anayambitsa Teach For America, imene inkatenga omaliza kumene ku yunivesite, kuwaphunzitsa masabata ochepa, n'kuwatumiza kusukulu za anthu osauka kwa zaka ziwiri. Panabweranso Troops to Teachers, yothandiza asilikali opuma kulowa uphunzitsi.

Onani kuti awa ndi anthu osiyana. Mnyamata wa zaka 22 wongochoka ku yunivesite si chimodzimodzi ndi injiniya amene wagwira ntchito zaka 20. Koma pamkangano onse amaikidwa m'dengu limodzi, ndipo zolakwa za wina zimagwera mnzake.

Ku England kuli bungwe la Now Teach, limene mmodzi mwa oliyambitsa ndi Lucy Kellaway, mtolankhani wa Financial Times amene mu 2017 anasiya ntchito yake ali ndi zaka zoposa 50 n'kukaphunzira kuphunzitsa masamu. Bungweli ntchito yake ndi anthu ngati mayi wa ku Katoto uja, akuluakulu obwera ndi luso la kwina.

Tanthauzo la "kuyendetsedwa ndi dera"

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa kayendetsedwe ka sukulu ku America ndi kosiyana ndi kathu. Kumeneko laisensi imaperekedwa ndi dera lililonse, monga Texas kapena Colorado, osati boma lalikulu la ku Washington. M'kati mwa deralo muli timaboma ta sukulu, ndipo kalikonse kali ndi komiti yakeyake, ndalama zake, komanso mphamvu zolemba ndi kuchotsa aphunzitsi. Choncho kaboma kotere kakasowa aphunzitsi a masamu, kamatha kupempha chilolezo kuti kaziphunzitsa kokha anthu amene kakuwafuna. Dera lalikululo limaika malamulo ndi mayeso, kabomako n'kumasankha anthu, kuwaphunzitsa, ndi kuwavomereza kuti alandire laisensi. Pulogalamu ya kaboma kotereyi ndi imene tikuitcha yoyendetsedwa ndi dera.

Ku England zofanana nazo zinayamba mu 1993 ndi dongosolo lotchedwa SCITT: sukulu zingapo zoyandikana zimagwirizana n'kumaphunzitsa aphunzitsi kwa chaka chimodzi, ndipo womaliza amalandira QTS, chilolezo chomwecho chimene amalandira wochokera ku yunivesite.

Pali mtundu winanso umene unatengera kaphunzitsidwe ka madokotala. Chitsanzo chodziwika ndi Boston Teacher Residency ya 2003. Kumeneko wophunzira sapatsidwa kalasi yakeyake tsiku loyamba. Amakhala chaka chathunthu m'kalasi ya mphunzitsi waluso, kuyamba ndi kuonerera, kenako kutenga phunziro limodzi, mpaka kufika posenza tsiku lonse. Amalandira kandalama kochepa, ndipo amalonjeza kudzaphunzitsa mumzindawo zaka zitatu. Tingayerekeze ndi mnyamata wophunzira ukalipentala ku Zolozolo: sayamba ndi kukhoma kabati ya kasitomala, amayamba ndi kupala matabwa mmisiri ali pambali pake.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi kwakukulu, ngakhale zonse zimatchedwa dzina limodzi. Ina imakuponya m'madzi n'kumakuphunzitsa kusambira uli momwemo. Inayo imayamba nawe m'mphepete.

Chifukwa chimene madera amakondera kuphunzitsa okha n'chosavuta kumva. Munthu wakomweko, amene ali ndi nyumba ndi abale m'deralo, sathawa msanga. Aliyense amene anaonapo mphunzitsi wotumizidwa ku Usisya kapena kumapiri a Misuku akuyamba kupempha transifa teremu yoyamba isanathe akudziwa zimene ndikunena.

Ifenso tinadutsamo

Nkhaniyi si ya kunja kokha. Dziko lino linayesapo kulowetsa anthu m'kalasi asanaphunzire uphunzitsi, ndipo linatero ndi anthu ochuluka zedi.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Walira mvula walira matope. Ana anadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo osaphunzira uphunzitsi, ena ali ndi JCE yokha. Anawapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe n'kuwapatsa choko.

Pofuna kuwakonza, mu 1997 kunayamba MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali pantchito, mothandizidwa ndi World Bank ndi dziko la Germany. Dongosolo lake linali lotere: miyezi itatu ku TTC, kenako miyezi pafupifupi 20 akuphunzitsa pasukulu pawo uku akuwerenga mabuku owatsogolera ndi kulemba ntchito, pomaliza n'kubwerera ku koleji kukakonzekera ndi kulemba mayeso. M'miyezi 20 ija amayenera kumayang'aniridwa ndi ahedi, ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale a m'zoni yawo, ndi aphunzitsi a ku koleji, komanso kumakumana m'misonkhano ya m'zoni. Mukaiyang'ana bwino, iyi inali njira ija yophunzirira pantchito, ndipo mbali yake yaikulu inali m'manja mwa anthu a m'dera.

Papepala zinali bwino. Koma ofufuza a ku Chancellor College ndi anzawo a ku University of Sussex amene anailondola anapeza kuti mbali ya kusukulu ija ndi imene inafooka. Ahedi anali ndi makalasi awoawo ndi ntchito za mu ofesi. A PEA anali ndi sukulu zambiri zoti ayendere. Ndipo pasukulu zina osaphunzirawo ndi amene anali ochuluka, moti wowathandiza panalibe. Pamapeto pake boma linabwerera ku dongosolo loyamba ndi koleji, IPTE ija, ngakhale kuti mu 2010 linatsegulanso njira ya ODL, yophunzira uli kutali ndi koleji, pofuna kupeza aphunzitsi a kumidzi.

Sindikunena izi pofuna kunyoza aphunzitsi a nthawi imeneyo. Ambiri a ife tinadziwa kuwerenga chifukwa cha iwo, ndipo ena anadzakhala aphunzitsi odalirika kwambiri, mpaka kufika pa uhedi. Chimene ndikufuna muone n'chakuti pamene panathyokera MIITEP ndi pomwe pamathyokeranso mapulogalamu a ku America akalephera: munthu woyenera kukhala kumbuyo kwa kalasi, kuonerera ndi kulangiza, sapezeka.

Tisaiwalenso kusiyana kwake. A MIITEP ambiri ankasowa zonse ziwiri, phunziro lenilenilo ndi luso lophunzitsira. Munthu wochokera ku ntchito ina wa digiri amabwera ndi chimodzi m'manja. Ndiye funso ndi lakuti chotsalacho n'chachikulu bwanji.

Kudziwa phunziro ndi kudziwa kuliphunzitsa

Mu 1986 katswiri wa zamaphunziro Lee Shulman, wa ku Stanford University, anafotokoza kuti mphunzitsi ali ndi nzeru yachitatu, yosiyana ndi kudziwa phunziro komanso yosiyana ndi kudziwa kusunga kalasi. Ndi nzeru yodziwa pamene mwana amapunthwa pa mutu uliwonse, ndi chitsanzo chimene chingamudzutse.

Akauntanti amadziwa kuti theka ndi lalikulu kuposa kota. Mphunzitsi wa Sitandade 5 amadziwanso kuti ana ambiri anena kuti 1/4 ndi yaikulu kuposa 1/2 chifukwa 4 amaposa 2, ndipo amabwera ndi nzimbe kapena lalanje kuti adule iwo akuona. Katswiri wa labotale amasakaniza mankhwala osaganizira n'komwe, popeza manja anazolowera. Koma kuzolowerako n'kumene kumamuiwalitsa masitepe ang'onoang'ono amene mwana wa Fomu 1 sanawadutse. Onjezanipo sikimu, lesoni pulani, kuchonga makope 90 usiku umodzi, kukonza mayeso oyesadi zimene waphunzitsa, ndi kuzindikira mtsikana wakhala chete pakona kuti kunyumba sikuli bwino.

Kuno ku Mzuzu palinso nkhani ya chilankhulo. M'kalasi imodzi mumakhala mwana wolankhula Chitumbuka kunyumba, wina Chitonga, wina Chinkhonde, wina Chichewa, pomwe buku lili m'Chingerezi. Mphunzitsi wakomweko amadziwa nthawi yoponyapo mawu amodzi a Chitumbuka kuti mfundo ilowe. Iyi ndi mfundo yamphamvu kwa amene amafuna kuti dera lizisankha ndi kuphunzitsa anthu ake.

Komanso wochokera kunja kwa sukulu amabwera ndi zimene koleji singapereke. Mwana akafunsa kuti masamu awa ndidzawagwiritsa ntchito kuti, munthu amene anayezapo malo omanga mlatho amayankha ndi nkhani yeniyeni.

Khomo limene lilipo kale

Kwa mayi uja yankho silinali zaka zinayi. Kuno kwathu kuli University Certificate in Education, imene ambiri amangoti UCE, ndipo Mzuni ndi amodzi mwa malo amene akhala akuipereka. Ndi ya anthu amene ali ndi digiri kapena dipuloma ya phunziro lina koma alibe maphunziro a uphunzitsi, ndipo ambiri oichita amakhala akuphunzitsa kale, makamaka m'sukulu za pulaiveti ndi za mishoni. Ku South Africa ndi ku England yofanana nayo ndi PGCE, ya chaka chimodzi.

UCE ndi njira ya ochokera ku ntchito zina, koma si yoyendetsedwa ndi dera. Mwini wake ndi yunivesite. Ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kumpoto kapena khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ilibe pulogalamu yakeyake yopereka ziyeneretso za uphunzitsi ngati ya ku Houston. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inapereka kayendetsedwe ka sukulu za pulaimale ku makhonsolo, koma silabasi ya aphunzitsi, mayeso ndi laisensi zinatsala m'manja mwa boma lalikulu.

Zimene mbali ziwiri zimanena

Okonda njira yophunzirira pantchito ija amati imabweretsa anthu a masamu ndi sayansi amene sakanalowa m'kalasi mwanjira ina, imachepetsa mtengo kwa wophunzira popeza amalandira malipiro, ndipo imaphunzitsa munthu m'kalasi yeniyeni, osati ya m'buku. Amaloza ma CDSS athu, amene anachokera ku ma DEC, malo akale a maphunziro a patali, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kumene kwa zaka zambiri aphunzitsi a pulaimale ndi amene akhala akusenza maphunziro a sekondale. Amafunsa kuti, pakati pa munthu wa digiri ya Physics wosadziwa sikimu ndi mphunzitsi waluso wosaphunzira Physics mozama, mwana wa Fomu 4 apindula ndi uti?

Okayikira amati ana amene amalandira mphunzitsi wophunzirira pa iwo nthawi zambiri ndi ana a osauka, chifukwa sukulu zabwino sizisowa aphunzitsi. Amati njira yachidule imatsitsa ulemu wa ntchito, ngati kuti uphunzitsi ndi chinthu chimene aliyense angachite. Amatinso olowa mwachangu ambiri amatulukanso mwachangu.

Kafukufuku wa ku America sanapereke chigonjetso kwa mbali iliyonse. Wina wamkulu wa mu 2009, wochitidwa ndi bungwe la Mathematica, anayerekeza ana a pulaimale ophunzitsidwa ndi aphunzitsi a njira ziwirizi ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa kakhozedwe kawo. Chimene chimaoneka mobwerezabwereza n'chakuti aphunzitsi a njira imodzi amasiyana okhaokha kwambiri kuposa mmene njira ziwirizo zimasiyanirana. Kwa ine izi zikusonyeza kuti dzina la pulogalamu silikuuza zambiri. Chofunika kufunsa ndi amene akulowamo, ndi amene akuwayang'anira.

Mafunso amene akadali poyera

Lalikulu kwa ife ndi ili: tingakambe bwanji zobweretsa anthu a ntchito zina pomwe omaliza IPTE akhala akudikira zaka asanalembedwe, ena n'kumagwira ngati aphunzitsi othandizira? Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, ndipo sukulu zambiri sizinafikepo, koma chotchinga ku pulaimale chimaoneka kuti ndi ndalama zolembera anthu, osati kusowa kwa anthuwo. Kodi ndiye njira yotereyi ikhale ya sekondale yokha, ndiponso ya maphunziro osowa aphunzitsi okha?

Nanga womuyang'anira wophunzirayo adzakhala ndani? Ngati ndi mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza, adzamuchepetsera ndani ntchito, ndipo alawansi yake idzachokera thumba liti? MIITEP inatisiyira funso limeneli osaliyankha.

Ngati mphamvu zitapita ku madera, Mzuzu ili ndi yunivesite, sukulu zakale zodziwika ndi aphunzitsi ambiri odziwa ntchito. Chitipa ndi Likoma sizili choncho. Kodi laisensi yochokera ku pulogalamu ya dera lina idzalemekezedwa mofanana m'dera linzake? Ndipo posankha olowa, chidzaletsa n'chiyani kuti malo asamapite kwa achibale a akuluakulu a m'deralo?

Palinso za malipiro. Injiniya wa zaka 15 pantchito akalowa uphunzitsi, ayambire giredi yoyamba ngati wongochoka ku koleji, kapena zaka zakezo ziwerengedwe? Zikawerengedwa, mphunzitsi amene wakhala m'kalasi zaka 15 zomwezo adzamva bwanji? Zikapanda kuwerengedwa, ndi angati adzabwere?

Ndipo makolo a ana a m'kalasi imene muli mphunzitsi wa chilolezo chongoyembekezera, kodi aziuzidwa?